Momwe mungasonkhanitsire mamailosi a ndege ndi khadi ya ku banki mpaka kukhala mu business class

Amalonda ambiri a pa Kasungu boma amene amakaoda katundu ku Guangzhou (China), ku Dubai kapena ku Johannesburg amalipira tikiti ya ndege, kupita, kubwerako, ndipo nkhani imathera pomwepo, osadziwa kuti ulendo uliwonse umasiya mphoto imene kampani ya ndege imasungira okhawo amene analembetsa. Mphotoyi imawerengedwa m'mamailosi, ndipo akachuluka munthu amatha kutenga tikiti yosalipira mtengo wonse, kapena kusamutsidwa kuchoka ku economy, mipando wamba, kupita ku business class, mipando yapamwamba. Mabanki ena amapereka mapointi pa ndalama zimene mwagwiritsa ntchito ndi khadi, ndipo pali makadi amene mapointi ake amasinthidwa kukhala mamailosi. Kwa ife a kuno, amene timalandira ndi kulipira m'makwacha, mamailosi ambiri amachokera pa kuuluka kwenikweniko, ndipo khadi imangothandizira, choncho dongosolo lonse liyenera kuyambira pa tikiti.

Choyamba ndi kusankha kampani imodzi ndi kuikakamira. Kuchokera ku Kasungu, bwalo lathu ndi la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, lomwe timalipeza pa msewu wa M1 tisanalowe n'komwe mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndege zimene zimatera pamenepo ndizo ziyenera kutsogolera chisankho chanu. Ethiopian Airlines ili ndi pulogalamu ya ShebaMiles ndipo inalowa mu mgwirizano wa Star Alliance mu 2011, kutanthauza kuti nambala yanu ya ShebaMiles imagwiranso ntchito mukakwera makampani ena a mgwirizanowu, monga South African Airways, Lufthansa, Turkish Airlines ndi Air China. Kampani yomweyi ili ndi magawo 49 pa 100 alionse mu Malawi Airlines. Kenya Airways ili mu mgwirizano wa SkyTeam pamodzi ndi KLM ndi Air France, omwe pulogalamu yawo ndi Flying Blue, ndipo inakhazikitsanso yakeyake yotchedwa Asante Rewards. Airlink, yopita ku Johannesburg, ili ndi Skybucks. Anzathu a ku Mchinji amene amadutsa pa Mwami kukakwerera ku Lusaka ali ndi mwayi wa Emirates ndi pulogalamu yake ya Skywards, koma kwa munthu wa ku Kasungu ulendo wapansiwo umadya phindu lonse. Ine ndinasankha ShebaMiles chifukwa njira yanga ya ku China imadutsa ku Addis Ababa. Kumwaza maulendo m'makampani atatu chifukwa chofuna kupulumutsa pang'ono pa tikiti iliyonse kumakusiyani ndi timamailosi tochepa m'malo atatu, tosakwanira kugula kanthu kulikonse, ndipo mamailosi a mapulogalamu osiyana saphatikizidwa.

Kulembetsa ndi kwaulere ndipo kumachitika pa webusaiti kapena pa app ya kampaniyo. Lembani dzina lanu monga momwe lilili pa pasipoti, chilembo ndi chilembo, ndipo nambala imene akupatseni muisunge m'foni ndi papepala.

Chachiwiri ndi khadi. Ambiri mwa ife tili ndi khadi ya Visa kapena Mastercard yotapira ndalama zathu zomwe za mu akaunti, pamene khadi ya ngongole imagwiritsa ntchito ndalama za banki zimene mumabweza pambuyo pake. Mukapita ku nthambi ya banki yanu pa boma, funsani mafunso atatu molunjika: ngati khadiyo imapereka mapointi, ngati mapointiwo amasinthika kukhala mamailosi a kampani imene mwasankha, ndiponso ndalama zimene amadula pa chaka. Pemphani kuti mayankho akhale olembedwa, chifukwa wogwira ntchito pa kauntala akhoza kunena kuti "zimatheka" pofuna kuti musayine fomu. Ngati mapointi ake amangogulira mayunitsi kapena kubwezedwa ngati ndalama, palibe cholakwika, ndalamazo muziike pambali kuti zidzalipire misonkho ya tikiti ya mamailosi imene ndifotokoze pansipa. Amene muli ndi akaunti ku South Africa chifukwa cha ntchito kapena bizinesi muli pabwino, popeza Nedbank imapereka khadi yolumikizidwa ndi Voyager, pulogalamu ya mamailosi ya South African Airways, ndipo achibale a ku Ulaya kapena ku America amene ali ndi makadi ena a American Express amatha kusamutsira mapointi awo ku Flying Blue n'kukutengerani tikiti m'dzina lanu.

Lamulo la khadi ya ngongole ndi limodzi: bwezani ngongole yonse tsiku lisanakwane, mwezi uliwonse. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake chotsogolera pa 26 pa 100 alionse, ndipo makadi a ngongole sakhala otsika mtengo kuposa ngongole zina. Munthu amene wasiya ngongole ya K1,000,000 kuti igone miyezi iwiri amalipira chiwongoladzanja choposa kutali mtengo wa mapointi amene wapeza pa ndalamazo. Choncho khadi muzilipirira zinthu zimene mukanagula kale: mafuta a galimoto, feteleza ndi mbewu kwa ogulitsa amene ali ndi makina a khadi, fizi kumene amalola, ndi tikiti ya ndegeyo. Alimi a fodya amene ndalama zawo zimabwera nthawi imodzi misika ikatsegulidwa asamale kwambiri, chifukwa banki imafuna malipiro ake ngakhale mu Januwale. Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi ya ngongole nthawi zambiri sikupereka mapointi, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Mukakhala kunja makina akakufunsani ndalama imene mukufuna kulipirira, sankhani ya dziko limene mulilo, popeza kusintha kumene makinawo amachita kumakhala kodula. Musananyamuke funsaninso malire a ndalama zakunja amene banki yaika pa khadi yanu, chifukwa chiyambireni kusowa kwa madola, ndiponso kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, khadi kukanidwa pa hotela ya kunja si chinthu chachilendo.

Tsopano tifike pa kugula tikiti, pomwe mamailosi ambiri amatayikira. Tikiti iliyonse ya economy ili ndi chilembo chimodzi chosonyeza gulu la mtengo wake, ngakhale kuti nonse mumakhala m'mipando yofanana ndi kudya chakudya chofanana. Chilembo cha Y kawirikawiri chimaimira mtengo wathunthu wa economy, J ndi C ndi za business, ndipo zilembo zina zambiri ndi za matikiti otsitsidwa mtengo. Chilembochi ndicho chimalamula kuchuluka kwa mamailosi amene mupeze. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Addis Ababa ndi mtunda wa mamailosi pafupifupi 1,600, ndipo kuchokera ku Addis Ababa kufika ku Guangzhou ndi pafupifupi 5,000, kotero ulendo wopita ndi kubwera umapitirira 13,000. Tikiti ya gulu lopereka mtunda wonse imakupatsani chiwerengero chimenecho, ya gulu lopereka theka imakupatsani theka, ndipo matikiti ena a magulu a anthu oyenda pamodzi kapena otsitsidwa kwambiri sapereka kalikonse. Makampani amaika mndandanda wa zilembozi pa webusaiti, ndipo muyenera kuuona musanalipire.

Ulendo wina ndinagula tikiti kudzera kwa ejenti wina wa ku Lilongwe amene amalonda anzanga ankamutama kuti ndi wotchipa. Ndinamutumizira nambala yanga ya pulogalamu pa WhatsApp, iye anayankha kuti waiika, ndipo tikiti inabwera ngati chithunzi chosaoneka bwino. Nditabwerako mu akaunti munalibe kanthu. Nditapita ku ofesi ya kampani ya ndege, mayi amene anandithandiza anatsegula kompyuta n'kundifunsa kuti, "Bambo, kodi nambala ili pa tikiti yanuyi ndi yanu?" Pa tikitipo panali nambala ina, ndipo dzina langa linali litalembedwa mosiyana ndi la mu akaunti, popeza ejentiyo anasiya dzina langa lapakati n'kusinthanitsa dzina loyamba ndi la bambo. Kompyuta imafananiza dzina la pa tikiti ndi la mu akaunti, ndipo zikasiyana imakana mwakachetechete popanda kukuuzani. Kuti nkhaniyi ikonzedwe anafuna ma boarding pass (timapepala tokwerera ndege) enieni a chigawo chilichonse cha ulendo, nambala ya tikiti, ndi chithunzi cha pasipoti. Ma boarding pass a popita ndinali nawo, koma ya pobwera kuchokera ku China inali itafufutika m'thumba la jekete moti sinkawerengeka, ndipo chigawo chimenecho, chomwe chinali chachitali kwambiri, chinatenga makalata a imelo ambiri chisanalowe. Ejentiyo nditamufunsa anangoti, "Achimwene, za mamailosi si za ife, ife timagulitsa tikiti."

Pofuna kupewa zimenezi, chitani zinthu izi musanachoke ku Kasungu. Uzani ejenti akutumizireni tikiti yeniyeni ya pa imelo, yokhala ndi nambala ya manambala 13 ndi kodi ya zilembo 6 yosungitsira malo. Matikiti a Ethiopian Airlines amayamba ndi 071 ndipo a Kenya Airways amayamba ndi 706, choncho ngati ejenti wangokupatsani kodi popanda nambala yaitaliyo, dziwani kuti malo angosungidwa koma tikiti sinalipiridwe, ndipo anthu ena abwezedwa ku Lumbadzi chifukwa cha zomwezi. Lowani pa webusaiti ya kampani ndi kodiyo, muone dzina, chilembo cha gulu la mtengo, ndi nambala ya pulogalamu, ndipo ngati palibe muiike nokha. Pa kauntala ya pa bwalo la ndege itchuleninso, kenaka muyang'ane ngati yasindikizidwa pa boarding pass. Boarding pass iliyonse muijambule ndi foni nthawi yomweyo, chifukwa pepala lake limafufutika likatenthedwa, ndipo zenizenizo muzisunge mpaka mamailosi ataoneka mu akaunti. Akapanda kuoneka pakatha masabata awiri, dandaulani pa webusaiti mwamsanga, popeza kampani iliyonse imaika malire a nthawi yolandirira madandaulo otere. Ejenti wabwino amakuuzani chilembocho musanamufunse, ndipo nthawi zina kuwonjezera pang'ono kuti mukwere gulu limodzi kumabweza mamailosi owirikiza, komanso kumakulolani kusintha tsiku popanda chindapusa chachikulu.

Mu akaunti mudzaona mitundu iwiri ya mamailosi. Ena ndi ogulira mphoto, ena ndi okwezera udindo wanu, womwe mu ShebaMiles umayambira pa Blue kupita pa Silver, Gold ndi Platinum. Mapointi ochokera ku khadi kawirikawiri amalowa ku gulu loyamba lokha. Kwa wamalonda udindo wa Gold ndi wamtengo wapatali, chifukwa mu Star Alliance umapereka katundu woonjezera ndi chipinda chopumulira pa bwalo la Bole ku Addis Ababa, pomwe kudikira ndege yolumikiza kumatenga maola.

Pogwiritsa ntchito mamailosi, maganizo anga ndi akuti musawataye pa chigawo chachifupi. Ulendo wa Lilongwe ndi Addis Ababa ndi wa maola osafika asanu ndipo munthu amapirira, koma wa Addis Ababa ndi Guangzhou ndi wa maola pafupifupi khumi, ndipo pamenepo mpando wa Cloud Nine, monga a Ethiopian amatchulira business class yawo, umakhala ndi phindu. Pemphani kukwezedwa pa ulendo wobwerera, chifukwa pa njira zambiri zakunja economy imalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse pomwe business imalola ziwiri za makilogalamu 32, ndipo pobwera ndi pamene muli ndi katundu. Funsani ngati kukwezedwako kukubweretsanso kulemera koonjezerako, ndipo kumbukirani kuti matikiti otsika mtengo kwambiri nthawi zambiri saloledwa kukwezedwa ndi mamailosi, zomwe zikutibwezeranso ku chilembo chija. Malo a mamailosi amakhala ochepa, makamaka mu Epulo ndi Okutobala pamene kumachitika Canton Fair, chionetsero cha malonda cha ku Guangzhou, choncho pemphani mutangogula tikiti.

Tikiti ya mamailosi si yaulere kotheratu, chifukwa misonkho ndi ndalama za mabwalo a ndege mumalipira nokha. Yerekezani mtengo wake ndi wa tikiti wamba musanavomere. Mapointi a khadi musawasamutse mpaka mutaona kuti malo alipo, popeza akapita ku kampani ya ndege sabwereranso ku banki. Yang'anani tsiku limene mamailosi anu athere mphamvu ndipo mulilembe. Anthu amene amatsatsa mamailosi kapena matikiti a business a theka la mtengo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muwapewe, chifukwa malamulo a mapulogalamuwa amaletsa kugulitsana mamailosi, ndipo kampani ikazindikira imatseka akaunti ndi kufafaniza tikiti, nthawi zina munthu ali kale pa ulendo. Nambala yachinsinsi imene banki imatumiza pa foni polipira pa intaneti musaipereke kwa ejenti aliyense, ngakhale atanena kuti akufuna kukufulumizitsirani malipiro.