Kusankha lamba wa chikopa ndi sopo wometera ndi lumo lopinda kuchigwa cha Shire

Lumo lopinda, lija lokhala ngati mpeni ndipo limalowa m'chigwiriro chake, limatha kukhala zaka zambiri ngati mwini wake alisamala, koma palokha silimeta bwino. Limafuna lamba wa chikopa wolipukutira lisanafike pankhope, ndiponso sopo wa thovu lokhuthala lofewetsa ndevu. Malangizo ambiri a zinthu ziwirizi amachokera kumayiko ozizira, kumene kumapangidwa malumo otchuka monga a Dovo ku Solingen m'dziko la Germany ndi a Thiers-Issard ku France. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40 ndipo mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, munthu ayenera kuyamba waganizira za nyengo ndi madzi a kwawo asanayang'ane dzina lolembedwa pa katunduyo.

Choyamba dziwani kuti lamba sanola lumo. Kunola ndi ntchito ya mwala, umene umadya chitsulo pang'ono, ndipo lumo losamalidwa bwino limaufuna patapita miyezi ingapo. Mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala kwambiri, moti ikadula ndevu imapindika m'malo ena mosaoneka ndi maso, ndipo chikopa chimaiwongola ndi kuisalalitsa. N'chifukwa chake lamba wabwino ayenera kukhala wosalala ndi wathyathyathya, pakuti kachotupa kalikonse pachikopa kamakhudza mbali yomweyo imene mukufuna kuiteteza.

Chigwa chino n'chodziwika ndi ng'ombe, ndipo ku Ngabu kapena ku Bangula chikopa chouma sichisowa, koma chikopa chongoyanika padzuwa, chonga chija timakungira ng'oma, sichingagwire ntchito imeneyi. Chikauma chimalimba gwa ndi kupiringizika, chikanyowa chimafewa ndi kuyamba kununkha. Chofunika ndi chikopa cha ng'ombe chofufuta, makamaka chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chochindikala pafupifupi mamilimita 3. Malamba a chikopa cha hatchi ndi abwino ndithu, koma ndi okwera mtengo, ndipo munthu amene akuphunzira kumene amacheka lamba wake woyamba mosafuna, kotero ndi nzeru kuyamba ndi wotsika mtengo. Musanalipire, yalani chikopacho pa thebulo losalala ndi kuona ngati chikugona chonse osadzuka m'mphepete, kenako yendetsani chikhatho pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena. Zipsera za minga, timabowo tosiyidwa ndi nkhupakupa ndi pamene anawotcha chizindikiro cha mwini ng'ombe zimamveka m'dzanja ngakhale maso asazione, ndipo chikopa chotere chisiyeni. Lamba wa m'chiuno wa pakaunjika angathandize ngati ndi chikopa chenicheni, wopanda msoko, wopanda zokongoletsa ndiponso wosapakidwa utoto wonyezimira. Yang'anani pamene anadula: chikopa chenicheni chimaonetsa timaulusi take, pamene ambiri mwa malamba amenewa ndi pulasitiki womatidwa pansalu.

Chitsulo cha lumo chimatalika pafupifupi masentimita 7, choncho lamba wa masentimita 7.5 m'lifupi amalandira lumo lonse nthawi imodzi. Wa masentimita 5 amagwiranso ntchito, koma amafuna kuti lumo liziyenda mopingasa kuti nsonga ndi tsinde zonse zikhudze chikopa, ndipo dzanja limatenga nthawi kuti lizolowere. M'litali masentimita 40 akukwana. Malamba alipo a mitundu iwiri, wokoleka pa msomali amene mumamukoka ndi dzanja limodzi, ndi womatidwa pa thabwa. Ine ndimalimbikitsa wa pathabwa kwa aliyense wokhala kuchigwa kuno. Wokoleka amayamwa chinyontho cha dzinja n'kuumanso m'chilimwe, mpaka amapindika m'mphepete, ndiponso wophunzira akalephera kumukunga bwino, chikopa chimakhota pansi pa lumo n'kulibunthitsa m'malo moliwongola. Wa pathabwa sakhala ndi mavuto onsewa, ndipo safuna kuitanitsa kutali: kalipentala wa ku Nchalo angakupalireni kathabwa kouma bwino, wosoka nsapato n'kumatapo chikopa ndi guluu wopakidwa mofanana paliponse, mbali yosalala ili pamwamba. Kuseri kwa thabwalo matani nsalu yolimba ya thonje, ngakhale ya jinzi yakale yopanda msoko, yoti muzipukutirapo lumo musanafike pachikopa.

Popukuta, gonekani lumo lonse pachikopa, msana wake utsogole ndipo mbali yakuthwa izitsatira m'mbuyo, osakanikiza. Mukafika kumapeto litembenuzeni pogubuduzira pamsana, chifukwa kulitembenuzira kukuthwa ndiko kumacheka lamba. Maulendo 20 pansalu ndi 40 kapena 50 pachikopa ndi okwanira. Mankhwala obiriwira a chromium oxide amene ena amapaka pa lamba amadya chitsulo, kotero akhale pa thabwa lina lapadera, asafike pa lamba wa masiku onse.

Lamba asamakhale m'bafa, pawindo kapena pafupi ndi malata a denga, pakuti kutentha kwa kuno kumaumitsa chikopa mpaka kuchita ming'alu. Mukulungeni m'nsalu youma ndi kumuika pamalo pamene makoswe safika. Kumusisita ndi chikhatho musanayambe kumeta kumamupatsa mafuta okwanira. Mafuta ophikira, odzola ndi polishi wa nsapato zimamata fumbi, ndipo kamchenga kamodzi kokha kakakamira pachikopa kamasiya mzere pa lumo. M'dzinja mukaona nkhungu, ipukuteni ndi nsalu youma ndi kuyanika lambayo pamthunzi podutsa mphepo.

Pa nkhani ya sopo ndi pamene anthu ambiri amavutika popanda kudziwa chifukwa chake. Sopo wochapira zovala ndi waukali pakhungu, ndipo wosambira amatulutsa thovu lalikululikulu lomwe limaphwa lumo lisanatsirize tsaya limodzi. Sopo wometera amapangidwa mosiyana, ndipo zolembedwa pa paketi zimaonetsa zimenezi. Funani mawu akuti stearic acid kapena potassium stearate koyambirira kwa mndandanda, chifukwa ndiwo amakhuthalitsa thovu ndi kulikhalitsa. Tallow ndi mafuta a ng'ombe amene amathandiza lumo kuterera, ndipo glycerin amasunga chinyontho pakhungu. Arko wa ku Turkey ndi sopo wolimba wa mafuta a ng'ombe ndipo mtengo wake ndi wotsika, pamene Proraso wobiriwira wa ku Italy ndi wofewa ndipo ali ndi menthol ndi mafuta a bulugama omwe amaziziritsa nkhope. Kuziziritsako n'kokoma m'dzuwa lathu, koma amene khungu lawo limatuluka tiziphuphu akameta, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa anthu a ndevu zopotana, achite bwino kusankha sopo wopanda fungo lamphamvu, chifukwa thukuta likalowa pakhungu lometedwa kumene limawawa kale.

Komabe sopo wabwino chotani amagonja ngati madzi ndi olakwika. Kashiamu ndi magineziyamu za m'madzi a pamjigo zimagwirana ndi sopo n'kupanga zoyera zoyandama zija zimatsala m'mbali mwa beseni, ndipo mchere nawonso umapha thovu. Kuwiritsa madzi kumachepetsa zina mwa zimenezi koma sikuchotsa mchere. Choncho gulani sopo mmodzi yekha poyamba ndi kumuyesa kawiri, ndi madzi a pamjigo wanu ndiponso ndi madzi a mvula. Nyowetsani burashi yopakira thovu, izungulizeni pa sopo kwa theka la mphindi, pangani thovu m'kambale powonjezera madzi pang'onopang'ono, kenako lipakeni padzanja ndi kudikira mphindi zitatu. Thovu loyenera limakhalabe lonyowa, lonyezimira, lopanda timabowo toonekera, ndipo mukalichotsa ndi chala khungu limatsala loterera. Likachita bwino ndi madzi a mvula okha, vuto si sopo, ndipo kapu imodzi ya madzi a mvula osungidwa m'chigubu chotseka imakwana kumetera kamodzi. Amene alibe mwayi umenewu asankhe sopo wokhala ndi mafuta a kokonati, amene amachita thovu ngakhale m'madzi amchere ngakhale kuti amaumitsako khungu, kapena kirimu wometera wa m'chubu, ndipo atape sopo wochulukirapo pa burashi.

Pakati pa sopo wofewa ndi wolimba, kuno wolimba ndiye amapirira, pakuti wofewa amafeweratu m'chitini chake nyumba ikatentha ndipo amatha msanga. Mukamaliza kumeta musatseke chivundikiro nthawi yomweyo. Siyani sopoyo aume pamthunzi kwa maola angapo. Metani m'mamawa kusanatenthe, ndipo pakani thovu tsaya limodzi, mulimete, kenako mupake linalo, chifukwa thovu lopakidwa nkhope yonse nthawi imodzi limauma musanafike pachibwano, ndipo lumo likakumana ndi thovu louma limadumpha n'kucheka.