Wotchi ya siliva ya ku Vienna si poto, musaikweche

Ngati muli ndi wotchi yakale yoika patebulo ya siliva yokhala ndi zithunzi za enamel, monga zija ankapanga Hermann Ratzersdorfer ndi Hermann Böhm ku Vienna, likulu la dziko la Austria, m'zaka za m'ma 1800 potsanzira luso la nthawi ya Renaissance (nyengo yakale imene luso la zojambula linatsitsimuka ku Ulaya), chonde musaikweche ndi phulusa, mandimu kapena mankhwala opukutira siliva. Enamel ndi galasi lomwe analisungunula pamoto n'kumatirira pachitsulo. Likang'aluka, madzi ndi mankhwala zimalowa m'ming'alumo, tsiku lina n'kungopeza kachidutswa ka nkhope ya mngelo kali patebulo. Zimandiwawa kwambiri ndikaona zotere.

Fumbi muzichotsa ndi kaburashi kofewa kopentera, pang'onopang'ono, m'makona a timizati ndi tiziboliboli. Siliva amada chifukwa cha sulufule, choncho musaisunge pafupi ndi mphira kapena nsalu yaubweya. Kuda pang'ono kwa m'mizere yozokota kusiyeni, ndi kumene kumaonetsa bwino zojambulazo.

Poinyamula gwirani kunsi ndi manja awiri, osati kachifanizo kali pamwamba pake, kamathyoka msanga. Yang'ananinso pasilivapo chidindo cha mutu wa Diana, mulungu wamkazi wa Aroma akale: chikakhala ndi chilembo A, ndiye kuti anadinda ku Vienna.