Filimu ya slide ikamatuluka yakuda mukatsuka kunyumba

Zithunzi zanga za filimu ya slide (yoonetsa chithunzi chenicheni, osati negative), zotsukidwa m'njira yotchedwa E-6, zinkatuluka zakuda, mitundu yake yozimiririka, chonsecho kamera inali bwinobwino. Gwero la vutoli linali first developer, mankhwala oyamba potsuka filimu. Mankhwalawa amafuna kutentha kwa madigiri 38 Celsius, ndipo akatsika ngakhale ndi digiri imodzi, sagwira ntchito mokwanira. Pa filimu ya slide zimenezi zimadetsa chithunzi.

Ndinkatenthetsa mankhwala okha n'kuwathira m'thanki yotsukiramo filimu idakali yozizira, ndiye ankazizira nthawi yomweyo. Pano ndimaika mabotolo onse ndi thanki yotseka, filimu ili kale m'kati, mu beseni la madzi a madigiri 39 kwa mphindi 5 kapena kuposerapo. Kutentha ndimayeza m'botolo mwenimwenimo, osati m'beseni. Ndikathira, ndimatembenuza thanki masekondi 15 aliwonse n'kuibwezera m'madzimo mpaka mphindi 6 ndi theka zitakwana. Mankhwala ogwiritsidwapo kale amafuna nthawi yoonjezera, monga mwa pepala la malangizo.

Mankhwala otsatira, color developer (otulutsa mitundu) komanso blix (ochotsa siliva pa filimu), savuta chotere. Koma kadontho ka blix kakagwera mu first developer, mitundu imasokonekera, choncho mankhwala aliwonse akhale ndi kapu yake yoyezera. Musaweruze filimu ikadali yonyowa, imaoneka yachifunga mpaka iume.