Mmene Mungazindikirire ndi Kulemba Dzina la Genus

Mukaona dzina la sayansi la chomera kapena nyama, lomwe limakhala ndi mawu awiri, yambani ndi liwu loyamba, chifukwa limenelo ndilo genus, gulu la mitundu yapachibale kwambiri limene lili pansi pa banja koma pamwamba pa mtundu. Kalembedwe ka mayina awiriawiri kameneka anakakhazikitsa pa zomera ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753.

Musadalire mayina athu a tsiku ndi tsiku. Mbatata ya kachewere ndi Solanum tuberosum, tomato ndi Solanum lycopersicum, pomwe mbatata ya kholowa ndi Ipomoea batatas. Mukapita kudimba n'kuyang'anitsitsa maluwa, mudzaona kuti la kachewere ndi la tomato onse ali ngati nyenyezi, ndi kansonga kachikasu pakati, pamene la kholowa limaoneka ngati kafanulo. Umboni wa m'maluwa ndimaukhulupirira kuposa wa m'mbale.

Polemba, yambani genus ndi chilembo chachikulu, liwu lachiwiri ndi chaching'ono, ndipo onse awiri muwapendeketse pa kompyuta kapena muwadule mzere kunsi ngati mukulemba pamanja. Mukatchula dzinalo kachiwiri, mukhoza kufupikitsa kuti S. tuberosum.