Mowa wa mu chigubu cha presha: presha yomweyo ndi imene ingakupwetekeni

Kuno ku Mulanje anthu ayamba kuitanitsa tizigubu tofululira mowa tochokera ku Johannesburg, tija timatenga malita 5, 10 mwina mpaka 30, mowa umawira momwemo, kupsa momwemo, nkumathira pa kampopi kake osausamutsa. Ndi zabwino ndithu koma ambiri akuzigwira ngati mbiya ya masese, ndiye tiyeni tikambirane.

Yisiti ikamadya shuga imatulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya wa carbon dioxide. Mu mbiya mpweyawo umangothawa. Mu chigubu ichi umatsekeredwa nkulowerera mu mowamo, nchifukwa chake mowa umatuluka uli ndi gasi ndi thovu ngati wa mu botolo. Pamwamba pamakhala valavu yokhala ndi geji, amaitcha spunding valve, inu mumaitchera kuti presha ikapitirira muyezo izifwetsa yokha. Itchereni pakati pa 10 ndi 15 psi, womwe ndi muyezo wa presha pa gejiyo. Kupitirira apo kwambiri yisiti imafooka, mowa ukhoza kuima panjira usanapse. Palinso kavalavu kena kachitetezo pa chivundikiro, kameneko musakamange ndi waya kapena kukamata ati chifukwa kakuchita phokoso usiku, phokosolo ndiye ntchito yake.

Ndipo chonde abale anga, musatenge chigubu cha mafuta ophikira nkuchitseka ndi mphira kuti nanunso mupange zomwezi. Sichinapangidwire presha, chimaphulika, ndipo nthawi zambiri chimakhala kuchipinda komwe kukugona ana.

Pa masese ndiimepo pang'ono chifukwa funso loti kodi nawonso angafululidwe mu chigubu chimenechi limabwerabwera. Phala la chimera cha chimanga kapena mawere ndi lokandapala, likayamba kuwira limakwera ndi thovu nkukatseka timabowo ta mavalavu onse awiri, geji imaoneka ngati zonse zili bwino pomwe mkatimo presha ikukwerabe. Masese asiyeni mu mbiya. Mu chigubu muzilowa zamadzimadzi zosefa bwino, kaya ndi zochokera ku chimera cha barele ndi ma hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo), kaya ndi juwisi wa zinanazi zathu zomwezi, sefani ndi nsalu yoyera kawiri. Musadzadzitse, siyani malo pamwamba, malita 8 mu chigubu cha malita 10 akwana.

Zigubu zambiri ndi za pulasitiki ya PET, yomwe ija ya mabotolo a zakumwa. Imadana ndi madzi otentha, kupitirira madigiri 50 imayamba kupindika, ndiye mukaphika dikirani zizizire mpaka pafupi madigiri 20 musanathiremo, ndipamenenso mumaika yisiti. Imadananso ndi dzuwa, osachiyanika pa thandala tsiku lonse ngati mbale. Potsuka sitiliwulu ayi, mchenga ayi, chifukwa m'mikwingwirima yomwe mwakandayo ndi momwe mumabisala tizilombo tosasitsa mowa. Kansalu kofewa ndi mankhwala ake ophera tizilombo basi. Onaninso deti lomwe analemba pa chigubupo, likadutsa musachiikenso pa presha.

Musanathire chilichonse pakani madzi a sopo mozungulira chivundikiro chigubu chili ndi kapresha pang'ono, mukaona tithovu tikutukumuka ndiye kuti labala ya pa chivundikiropo sinakhale bwino.

Madzi a pa mpopi amakhala ndi klorini, amapatsa mowa fungo la mankhwala, awiritseni kaye. A mu mtsinje, olo akhale oyera ngati a ku Likhubula, awiritseninso.

Nyengo nayo imalamula. June ndi July, chiperoni chikamawomba, ndi nthawi yabwino kwambiri, yisiti wamba ya mowa wa mtundu wa ale imakonda madigiri 18 mpaka 22. Mu October kukatentha presha imathandizako kuchepetsa fungo lija longa la nthochi zakupsa koma siyithetsa zonse, ikani chigubu pansi pa simenti m'chipinda chamthunzi, chikulungeni ndi thawulo lonyowa. Mukaipeza yisiti ya kveik ya ku Norway, imeneyo imawira bwinobwino olo pa madigiri 35.

Patsani mowa sabata imodzi kapena ziwiri. Valavu ikasiya kufwetsa musathamange, ngati muli ndi hydrometer, kachipangizo koyezera shuga wotsala mu mowa, yezani masiku awiri atatu otsatizana, nambala ikapanda kusintha wapsa. Kenako mu furiji masiku awiri kuti nsenga zikhale pansi ndi gasi alowerere, mudzaona geji yatsika, sikuti chikudontha ayi, mowa wozizira umamwa mpweya wambiri. Magetsi akazima musatsegule furiji.

Mowa ukatha musapotokole chivundikiro geji isanafike pa 0, kokani kaye kavalavu kachitetezo mpweya wonse utuluke, nkhope ili kumbali. Ndipo ngati mukuganiza zogulitsa, pitani kaye ku khonsolo mukafunse za laisensi.