Muli ndi pacemaker? Ganizirani izi musanakwere jet ski kapena kukokedwa ndi boti

Madzi paokha sawononga pacemaker, kachipangizo kamene madokotala amaika m'chifuwa kuti kazithandiza mtima kugunda bwino. Kachipangizoka n'kotsekedwa bwino m'kabokosi ka chitsulo cha titanium, ndipo kali pansi pa khungu. Bala la opaleshoni likapola, mungathe kusambira ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear ngati wina aliyense. Nkhawa yathu ili pa masewera amene thupi limamenyetseka pamadzi kapena mkono umakokedwa mwadzidzidzi, monga jet ski (kaboti ka injini kokwera ngati njinga yamoto), kukokedwa ndi boti mutagwira chingwe, ndi kupalasa boti la mpweya m'mathithi a Zambezi kumunsi kwa Victoria Falls.

Chimene chimavulala msanga ndi mawaya. Pacemaker imaikidwa pansi pa fupa lija lopingasa pakati pa khosi ndi phewa, kawirikawiri kumanzere, ndipo mawaya ake amadutsa mumtsempha kukafika mumtima. Masabata 4 mpaka 6 oyambirira pambuyo pa opaleshoni, nsonga za mawayawa zimakhala zisanagwire bwino, n'chifukwa chake madokotala amaletsa kukweza mkono wa mbali imeneyo kupitirira phewa ndi kunyamula zolemera. Nthawi imeneyi za kunyanja iwalani kaye. Koma ngakhale patapita zaka, waya ungathe kupanikizika pakati pa fupalo ndi nthiti yoyamba, n'kumaperepeseka pang'onopang'ono mpaka kuduka. Ndiye taganizirani boti likunyamuka mwamphamvu inu mutagwira chingwe, kapena mutagwa chafufumimba pa liwiro lalikulu. Pa liwiro lotero madzi safewa ayi.

Apa m'pamene anthu amasiyana. Pali ena amene mtima wawo umagundabe wokha, pacemaker n'kumangothandizira nthawi zina. Pali enanso amene kugunda kulikonse kumadalira kachipangizoka. Ngati muli m'gulu lachiwirili, waya ukaduka mungakomoke pomwepo, ndipo kukomoka pamadzi ndi kumira. Kwa inu, ine ndinganene mosabisa kuti masewera okokedwa ndi boti asiyeni. Chimodzimodzi amene anaikidwa ICD, kachipangizo kamene kamamenya mtima ndi magetsi ukasokonekera, komanso amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, poti kumenyetseka mutu kungayambitse kukha magazi mkati. Choncho funso lokafunsa dokotala wa mtima lisakhale lakuti "kodi ndingasambire?" Mufunseni kuti mtima wanu ukudalira pacemaker motani, ndipo tchulani masewerawo ndi dzina.

Akakulolani, valani jekete yoyandamitsa yokukwanani, ndipo onetsetsani kuti lamba kapena chomangira chake sichikudinda pamene pali kachipangizo. Musalowe m'madzi nokha, ndipo woyendetsa boti adziwiretu za mtima wanu. Ambiri amachita manyazi pa zimenezi, koma munthu wokuvuulani ayenera kudziwa chimene chakugwetsani. Injini ikamalira musaigonere ndi chifuwa. Siyani mpata wa masentimita 30 pakati pa injiniyo ndi pacemaker, ndipo maginito akhale masentimita 15 kutali ndi pacemaker. Dziwaninso kuti ma pacemaker ambiri amafulumizitsa mtima akamva thupi likugwedezeka, moti kudumphadumpha kwa jet ski pamafunde kungaupangitse kuthamanga inu mutangokhala.

Za kulowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya, monga amachitira ku Nkhata Bay, ndi nkhani ina. Mamita 10 alionse amawonjezera kupanikiza kwa madzi, ndipo kampani iliyonse ili ndi malire a kuya kumene chipangizo chake chinayesedwa. Dzina ndi nambala ya pacemaker yanu zili pa khadi limene munapatsidwa kuchipatala, ndipo dokotala adzagwiritsa ntchito zimenezo pokuuzani malire anu.

Mukamenyetseka pachifuwa, kenako n'kuyamba chizungulire, kubanika, ntchirichiri yosatha, kapena pamene pali kachipangizo patatupa, tulukani m'madzi mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Makina opimira pacemaker sapezeka pachipatala chilichonse, choncho musananyamuke ulendo wa kunyanja dziwiranitu kumene mungakapimidwe.