Kukakuderani pa Phiri la Mulanje: momwe mungachitire kuti mukafike kwanu bwinobwino

Ulendo wake umayamba bwinobwino. Mwanyamuka ku Limbe m'mamawa, mwatsika pa Chitakale, mwakwera kabaza mpaka pa Likhubula, pulani ndi yoti tikangofika pa Dziwe la Nkhalamba tisambe, tijambulitse, tizibwerera. Kenako wina pagulupo amati tiyeni tikwereko tikaone Chambe, si patali. Ife zinatichitikira choncho mwezi wa June, tinalipo asanu, ndipo pomwe timazindikira kuti zinthu zavuta 4 koloko inali itadutsa tikadali pamwamba, chifunga chikukwera ngati utsi wa lupsa, mnzathu wina bondo litatupa. Zomwe ndalemba apazi zina tinachita bwino, zina ndinadzaphunzira kwa magaidi ndi mapota a pa Likhubula pambuyo pake.

1. Yang'anani wotchi, musayang'ane mphamvu zanu

Nthawi yozizira dzuwa limalowa 5 koloko itangodutsa pang'ono, ikamati 6 kuli bii. Kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe ndi maola atatu kapena anayi, kaya mudzere njira ya Skyline kaya ya Chapaluka, ndipo kutsika musakutenge ngati kophweka chifukwa miyendo imakhala yatopa, miyala ikuterera. Ndiye ikamakwana 3 koloko muli pamwamba, khalani pansi nonse muwerenge maola atsala. Ngati sakukwanira, gwirizanani pompo kuti lero tigona m'phiri, kudakali kowala. Anthu ambiri chimawapweteketsa ndi mawu oti "mawa ndili ndi ntchito" kapena "kunyumba akandikalipira". Akukalipireni muli moyo.

2. Chiperoni ikakupezani, imani

Apa ndiye pamene pagona nkhani. Chiperoni ndi chifunga chozizira chija chobwera ndi mvula yowaza, chimakonda miyezi ya May mpaka August, ndipo chikatsika mnzanu amene ali mapazi khumi patsogolo simumuonanso. Njira za m'phirimu malo ena ndi pathanthwe penipeni, palibe mapazi oti mutsatire, mumangodalira timilu ta miyala ndi utoto womwe anapaka pamiyala. Mukangoona kuti papita mphindi zingapo osaona chizindikiro, musapitirire poganiza kuti njira muipeza kutsogolo. Bwererani pang'onopang'ono pomwe munaona chizindikiro chomaliza, mukalephera kupapeza khalani pomwepo.

Ndipo gulu lisagawikane, ndikubwereza, lisagawikane. Zoti awiri atsogole akaitane anthu zimangochulukitsa anthu osowa. Ngati muli ndi gaidi mverani zomwe akunena olo zikuwaweni. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitirira yekha kulowera ku Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, nyengo inasintha ndipo thupi lake linapezeka patatha pafupifupi masabata atatu. Chinamupha ndi kuzizira. Sapitwa si ya ulendo wa tsiku limodzi kuchokera pansi, amene akufuna kukafikako amagona kaye ku nyumba yogona ya m'phiri ya Chisepo.

3. Foni ndi ya uthenga, zithunzi zidikire

Sankhani foni imodzi yomwe ili ndi batire yambiri, enawo azimitsidwe kuti adzagwire ntchito mawa. Netiweki m'phirimu imabwera n'kuchoka, kawirikawiri imagwira pamalo okwera oyang'ana kumidzi, m'zigwa mulibe. Ikangogwira tumizani meseji kaye musanayimbe, meseji imadutsa pomwe kuyimba kukukanika. Lembani mwachidule: tilipo angati, tinadzera njira iti, malo omaliza omwe tawazindikira, pali wovulala kapena ayi. Tumizani kwa m'bale mmodzi wamutu wozizira amene angayimbire a nkhalango pa Likhubula kapena apolisi, osati pa gulu la WhatsApp pomwe aliyense ayambe kukuyimbirani mpaka batire kutha. Ngati bandulo ilipo tumizaninso lokeshoni. Mukatha ikani foniyo m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, kuzizira kumadya batire.

4. Pitani ku hati ngati ili pafupi ndipo njira mukuiona

Ambiri obwera ulendo wa tsiku limodzi sadziwa kuti pamwambapa pali nyumba zogona anthu okwera phiri: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu. Pamakhala mlonda, pamakhala nkhuni ndi madzi. Ife chinatipulumutsa ndi chimenechi. Tinabwerera ku Chambe mnzathu uja titamukolowekera mikono m'mapewa, tinafika kukuchita mdima, zovala zili nyowe, mano akugundana. Tinangoti odi, bambo mlonda anatuluka ndi tochi, sanafunse zambiri, anatisonkhera moto. Chakudya chathu chinali buledi theka ndi mtedza wokazinga wa m'kapepala, tinagawana asanu, madzi otentha timamwera kapu imodzi molandizana, koma tinagona pansi pa denga. Pamakhala kandalama kolipira, ndipo mlondayo mumuthokoze ndi kangachepe.

5. Ngati hati siikupezeka

Pezani pobisala kusanade: kuseri kwa mwala waukulu komwe mphepo sikufika, kutali ndi phompho komanso kutali ndi mtsinje. Musakhale pamwala kapena padothi mwachindunji, yalani udzu, zikwama, chilichonse. Vulani malaya onyowa amkati muvale ouma ngati alipo, fundani kumutu, khalani mothinana, zamanyazi zisiyeni. Chitenje, jumbo yaikulu, zonse ndi zofunda usiku umenewo. Mowa ayi, umakunamizani kuti mwafunda pomwe thupi likutaya kutentha. Wina akayamba kulankhula zosamveka, kuwodzera modabwitsa kapena kusiya kunjenjemera kukadali kozizira, ameneyo ali pangozi, muikeni pakati, mumufunditse, mupatseni chotsekemera ngati akutha kumeza. Moto sonkhani pokhapokha mwalambula udzu kuzungulira, chifukwa moto wolusa ndi umodzi mwa adani omwe amaliza mkungudza wathu m'phirimu. Mukamva mawu a anthu kuwani, imbani likhweru, thwanimitsani tochi.

6. Musatsate mtsinje

Pali malangizo amene amayenda oti ukasochera tsata madzi akakufikitsa kumudzi. Pa Mulanje zimenezo n'zoopsa. Mitsinje ngati Likhubula, Ruo ndi Lichenya potsika m'phirimu imagwa m'mathithi ndi m'maphompho. Komanso mvula ikagwa pamwamba kamtsinje komwe munawoloka m'mawa madzi ali m'kakolo kamadzaza mwadzidzidzi. Kadikireni kaphwe.

7. Mwatsika, tsopano thiransipoti

Kutsika phiri si kufika kunyumba. Kuchoka pa Likhubula kukafika pa Chitakale ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo kukada maminibasi a ku Limbe amasowa. Mukatsika usiku musakakamire. Pa Likhubula pali malo ogona, kuphatikizapo a CCAP, pa Chitakale ndi pa boma palinso maresitihausi. Ngati mwasankha kukwera njinga yamoto gwirizanani mtengo musanakwere, musapanikizane atatu pa njinga imodzi, ndipo uzani m'bale uja kuti mwakwera chiyani ndipo mukulowera kuti. Ndalama ikatha apa ndi pomwe Airtel Money kapena Mpamba imathandiza, koma ma ejenti amatseka msanga, ndiye kashi ina muzibisa m'thumba lina kuyambira kunyumba.

Zimachitikanso kuti munthu watsikira mbali ina, mwina ku Phalombe kapena m'minda ya tiyi. Pakhomo loyamba lomwe mwalipeza odirani mwaulemu, funsani kuti kuno ndi mudzi wanji, pemphani akulozereni kwa amfumu kapena njira ya kumsewu. Mukafika pabwino dziwitsani onse amene munawatumizira uthenga, kuti anthu asakwere phiri kukasaka munthu amene ali kale mu minibasi.

Ife tinanyamuka ku Chambe kutangocha, chifunga chitayera. Mnzathu uja anatsika ndi ndodo, kupuma pafupipafupi, tinafika pa Likhubula dzuwa lili paliwombo, ndipo tisanakwere ya ku Limbe tinayamba tamuperekeza kuchipatala kuti akamuone bondo lija.